Mbiri ya Ambuye Joseph Mukasa Zuza, Episkopi wa ku Mzuzu

Dziko la m'mbali mwa nyanja

Munthu akachoka pa Nkhata Bay kulowera kumwera, natsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, amafika pa Chintheche atayenda makilomita pafupifupi 40. Kumeneko ndiko kwao kwa Atonga. Mchenga wa pagombe ndi woyera, minda ya chinangwa yazinga midzi, ndipo usiku nyali za asodzi a usipa zimaoneka kutali pakati pa madzi.

Anthu a dera limeneli anamva Uthenga Wabwino kalekale. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws ndi anzake a Mishoni ya Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear chifukwa cha malungo, nadzamanga pa Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Atonga anakonda sukulu kwambiri, ndipo pakati pao panatuluka anthu olankhula mosaopa. Mmodzi wa iwo anali Elliot Kamwana, amene m'zaka za 1908 ndi 1909 analalikira nabatiza anthu zikwizikwi, kufikira Boma la Azungu linamugwira ndi kumuchotsa m'dziko. Wina anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town m'chaka cha 1919. Kotero anthu a kunyanja kumeneku amamudziwa bwino munthu amene sabisa mau pamaso pa akuluakulu.

Akhristu a Mpingo wa Katolika a ku Chintheche ndi a m'boma lonse la Nkhata Bay ali m'Dayosizi ya Mzuzu. Kwa zaka pafupifupi 20 mbusa wao wamkulu anali Ambuye Joseph Mukasa Zuza. Iwo sanali Mtonga, koma anali munthu wa mtundu womwewo wa anthu osabisa mau. Nayi mbiri yao.

M'mene Akatolika anafikira kumpoto

Mpingo wa Katolika unayamba kukhazikika kumwera ndi pakati pa dziko lino. Ansembe a chipani cha Montfort anamanga pa Nzama m'chaka cha 1901, ndipo a chipani cha White Fathers anamanga pa Mua m'chaka cha 1902. Kumpoto anachedwa kufikako, pakuti kumeneko a Livingstonia anali atafika kale ndi matchalitchi ndi masukulu ao. A White Fathers anatsegula mishoni ya Katete, m'boma la Mzimba, m'chaka cha 1938. Kuchokera pamenepo mamishoni ena anatsegulidwa pang'onopang'ono, kumapiri ndi kunyanja komwe.

M'chaka cha 1947 Papa anapatula chigawo cha kumpoto kuti chikhale ndi mtsogoleri wakewake, ndipo woyamba anali Monsinyo Marcel St-Denis. M'chaka cha 1961 chigawocho chinakhala Dayosizi ya Mzuzu. Dayosizi ndilo dera lonse limene episkopi mmodzi amaliyang'anira, ndipo m'kati mwake mumakhala maparishi ambiri. Episkopi woyamba wa ku Mzuzu anali Ambuye Jean-Louis Jobidon, a White Fathers ochokera ku Canada. Iwo anagwira ntchitoyo kufikira chaka cha 1987. Atsogoleri onsewa anali anthu a kutsidya kwa nyanja yamchere. Mwana wa kumpoto anali asanakhalepo pa mpando umenewu.

Mwana ndi dzina lake

Joseph Mukasa Zuza anabadwa pa 2 Okutobala 1955 m'mudzi wa Malembo, m'boma la Mzimba. Pa nthawiyo dziko lino linkatchedwa Nyasaland, ndipo linali m'chitaganya pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia.

Dzina lakuti Joseph Mukasa lili ndi mbiri yake, ndipo nkoyenera kuidziwa. Ku Uganda kunali mfumu yaikulu ya Abaganda, dzina lake Mwanga. M'nyumba mwa mfumuyo munali mnyamata wachikhristu, Joseph Mukasa Balikuddembe, amene anali mkulu wa anyamata otumikira mfumu. Iyeyu anaphunzira chikhristu kwa a White Fathers, chipani chomwe chija chimene pambuyo pake chinadzamanga pa Katete. M'mwezi wa Okutobala 1885 anthu a Mwanga anapha episkopi wa Mpingo wa Anglican, James Hannington, amene anali pa ulendo wolowa m'dzikomo. Joseph Mukasa anapita kwa mfumu, naidzudzula kuti yapha munthu wosalakwa popanda kumva mlandu wake. Wophedwayo sanali wa mpingo wake, komabe iye sanakhale chete. Mfumu inapsa mtima. Pa 15 Novembala 1885 anamudula mutu natentha thupi lake.

Iyeyu ndiye anali woyamba mwa Akatolika 22 a ku Uganda amene anafera chikhulupiriro chao. Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi anawalemba m'gulu la oyera pa 18 Okutobala 1964, chaka chomwe Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Mwana wa ku Malembo uja anali ndi zaka 9 pa nthawiyo. Dzina limene ananyamula linali la munthu amene anauza mfumu zoona, ngakhale anadziwa kuti mfumuyo ili ndi mphamvu yakumupha.

Njira ya unsembe

Unsembe saulandira msanga. M'zaka zimenezo mnyamata wa kumpoto wofuna ntchitoyi ankayamba ndi seminale yaing'ono, monga ya St Patrick ku Rumphi, kumene ankaphunzira maphunziro a sekondale. Akapambana ankapita ku seminale yaikulu. Maseminale aakulu anali awiri, ya Kachebere ku Mchinji ndi ya St Peter ku Zomba. Kumeneko ankaphunzira Malembo Oyera, mbiri ya Mpingo, malamulo ake ndi kaganizidwe kozama. Zaka zinali zambiri ndithu, ndipo anyamata ochuluka ankalekera panjira. Wofika kumapeto ankalonjeza kusakwatira moyo wake wonse, ndi kumvera episkopi wake kulikonse kumene angamutume.

Joseph Mukasa Zuza anapirira, ndipo anadzozedwa unsembe pa 25 Julayi 1982, ali ndi zaka 26. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kuwatchula kuti Bambo Zuza. Anali wansembe wa Dayosizi ya Mzuzu, ndiye kuti ntchito yao inali pakati pa anthu akwao omwe.

Ntchito ya wansembe kumpoto inali yolemetsa. Parishi imodzi inkakhala ndi matchalitchi aang'ono ambiri, ena kuseri kwa mapiri, ena m'mbali mwa nyanja kumene galimoto silifika. Wansembe ankayenda kuchita Misa, kubatiza, kumanga maukwati ndi kudzoza odwala. Malo ena ankawafika patapita miyezi. Masabata enawo akhristu ankapemphera motsogozedwa ndi akatekisti ndi akuluakulu a m'miphakati. Mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana amene amasonkhana kuwerenga Mau a Mulungu ndi kuthandizana pa matenda ndi pa maliro. Wansembe wa kumudzi sachedwa kuphunzira kuti Mpingo sungayende ndi munthu mmodzi yekha.

Kalata ya chaka cha 1992

Ambuye Jobidon atapumula, Papa anaika Monsinyo John Roche, wansembe wa ku Ireland, kuti ayang'anire dayosiziyo kufikira atapezeka episkopi wina. Masiku amenewo dziko linali pansi pa chipani chimodzi, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anali Pulezidenti wamuyaya. Munthu wodzudzula Boma ankatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya aepiskopi. Kalatayo inanena za malipiro ochepa a anthu osauka, za kuchepa kwa mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'masukulu, za omangidwa popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linakwiya zedi. Apolisi anaitana aepiskopi ku Blantyre nawafunsa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo inaletsedwa, ndipo anthu ena anayatsa moto pa nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa. M'mwezi wa Epulo Monsinyo Roche, amene anasaina nawo kalatayo, anapirikitsidwa m'dziko.

Choncho Dayosizi ya Mzuzu ndiyo inalipira mtengo waukulu, pakuti inatsala yopanda mtsogoleri wake pamalopo. Ansembe a kumpoto, pamodzi ndi Bambo Zuza, anaona ndi maso ao chimene chimagwera munthu wonena zoona. Koma anaonanso chipatso chake. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha kuti m'dziko mukhale zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho chimene chinasintha Boma.

Mwana wa kumpoto akhala episkopi

Episkopi sadzisankha yekha, ndiponso akhristu samuponyera voti. Kazembe wa Papa amafunsa aepiskopi, ansembe ndi akhristu ena mwachinsinsi za makhalidwe a ansembe amene angayenere udindowo. Kenaka amatumiza maina atatu ku Roma, ndipo Papa ndiye amasankha. M'mwezi wa Malichi 1995 Papa Yohane Paulo wachiwiri anasankha Bambo Zuza. Iwo anadzozedwa uepiskopi pa 6 Meyi 1995, ali ndi zaka 39, nakhala Mmalawi woyamba kukhala Episkopi wa ku Mzuzu. Panali patapita zaka 57 chitsegulire mishoni ya Katete.

Mwambo wodzoza episkopi uli ndi zizindikiro zophunzitsa. Aepiskopi anzake amamusanjika manja pamutu. Buku la Uthenga Wabwino limatsegulidwa pamwamba pa mutu wake, kusonyeza kuti iye ali pansi pa Mau a Mulungu monga wina aliyense. Amamudzoza ndi mafuta oyera, namuveka mphete ndi chisoti. Potsiriza amamupatsa ndodo yopindika kumutu, ndodo ya mbusa. Ndi ndodo yotere mbusa amakoka nkhosa yosokera, ndiponso amaingitsa chilombo.

Dera limene Ambuye Zuza analandira linali lalikulu kwambiri. Linayambira ku Chitipa ndi ku Karonga, kumalire a Tanzania ndi Zambia, kudzera ku Rumphi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay, mpaka kumpoto kwa boma la Kasungu. M'menemo munali Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde, Alambya ndi mitundu ina, yonse ndi zilankhulo zake. Udindo wa episkopi ndi kuyendera maparishi onse, kupereka sakramenti la Ulimbitso, kudzoza ansembe atsopano ndi kuwatuma kumalo ao antchito. Amayang'aniranso masukulu ndi zipatala za Mpingo, monga chipatala cha St John ndi sukulu ya atsikana ya Marymount mumzinda wa Mzuzu. Zaka zimenezo zinali za Edzi, imene inasiya ana amasiye m'midzi yambiri, ndiponso za njala yaikulu ya 2002. Odwala ndi anjala ankagogoda pa zitseko za mamishoni, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe.

Popeza deralo linakula kopambana, pa 21 Julayi 2010 Papa Benedikito analigawa pawiri. Kumpoto kwenikweni kunabadwa Dayosizi ya Karonga, ndipo episkopi wake woyamba anali Ambuye Martin Mtumbuka, amene anali wansembe wa Dayosizi ya Mzuzu. Chintheche ndi Nkhata Bay zinatsalira kwa Ambuye Zuza. Aepiskopi anzao anawasankhanso kukhala wapampando wa bungwe la aepiskopi onse a Katolika m'Malawi, ndipo anali pa udindo umenewu kufikira imfa yao.

Ulaliki wa ku Blantyre

Chaka cha 2011 chinali chowawa. Mafuta a galimoto anasowa, kotero kuti anthu ankagona pamizere kudikira petulo. Ndalama zakunja zinasowanso, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. M'mwezi wa Epulo Boma linapirikitsa kazembe wa dziko la Britain, ndipo pambuyo pake maiko ena anaimitsa thandizo lao. Pulezidenti Bingu wa Mutharika sanafune kumva owadzudzula.

Pa 20 Julayi anthu anatuluka m'misewu ya m'mizinda kusonyeza kusakondwa kwao. Apolisi anaombera mfuti, ndipo pa masiku awiri anthu pafupifupi 20 anafa. Mzinda umene unataya anthu ochuluka koposa unali Mzuzu, kumene kunali mpando wa Ambuye Zuza. Ena mwa akufawo anaikidwa m'manda a Zolozolo. Otsogolera zionetserozo analengeza kuti anthu adzatulukanso pa 17 Ogasiti, ndipo dziko lonse linagwidwa ndi mantha kuti magazi adzakhetsedwanso.

Pa 16 Ogasiti 2011 kunachitika mapemphero a dziko lonse mu holo ya COMESA ku Blantyre. Pulezidenti analipo, pamodzi ndi nduna zake ndi atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana. Wolalikira anali Ambuye Zuza. Anthu ambiri anamvera ulalikiwo pa wailesi.

Pa tsiku lotere mlaliki akhoza kunena mau ofewa okhaokha, kutamanda akuluakulu, nakhala pansi mwamtendere. Ambuye Zuza sanatero. Anati mavuto a dziko anawapanga ndi Amalawi eni ake, aliyense monga mwa udindo wake, ndipo anthu aleke kulozana zala. Anati munthu aliyense ali ndi zimene amakhoza ndi zimene amalephera. Tsono ananena mau amene anthu sanawaiwale. Anati munthu wodziyesa wangwiro, woganiza kuti nzeru zonse zili mwa iye yekha, ndiye wopusa koposa onse, ndipo pa Chichewa amatchedwa chitsiru cha munthu, pa Chitumbuka chindere chakufikapo.

Sanatchule dzina la munthu. Komabe anthu ambiri anamva kuti mauwo akukhudza mwini mpando, amene anakhala patsogolo pao. A mbali ya Boma anakwiya, nati episkopi wanyoza mtsogoleri wa dziko. Ena anakondwa, nati wapezeka munthu wonena poyera zimene iwo ankanong'onezana m'nyumba. Panalinso ena amene anavomereza fundo yake koma anati mau oti chitsiru ndi olemera kwambiri pa mapemphero. Anthu akhoza kusiyana maganizo pa mau amodziwo. Chimene sangatsutse ndi chakuti ananenedwa pamaso pa mwini wake, masana, patangopita milungu inayi anthu ataphedwa mumzinda wa mlalikiyo.

Fundo ya ulalikiwo msodzi wa ku Chintheche amaidziwa bwino. Usipa saukola munthu mmodzi. Pamakhala wonyamula nyali amene amaitana nsomba, pamakhalanso a m'mabwato ena amene amaponya chilimira nachikoka pamodzi. Mwini khoka akakana kumvera anzake pamene iwo aona kuti mwera ukudza, amataya khoka, ndipo mwina amataya anthu. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Anatinso wakutsina khutu ndi mnansi. Mtsogoleri amene azingidwa ndi anthu omuombera m'manja okhaokha ali pangozi, iye pamodzi ndi onse amene ali m'bwato lake.

Zionetsero za pa 17 Ogasiti zinaimitsidwa, ndipo mbali ziwirizo zinavomera kukambirana. Pulezidenti Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, ndipo Mayi Joyce Banda analumbira kukhala Pulezidenti pa 7 Epulo, monga mwa malamulo a dziko.

Imfa ya panjira

Ambuye Zuza anapitiriza ntchito yao. M'mwezi wa Julayi 2014, iwo ali wapampando, dziko la Malawi linalandira ku Lilongwe msonkhano waukulu wa aepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, a m'bungwe la AMECEA.

Mwezi wa Januwale 2015 unadza ndi mvula yoopsa. Madzi anasefukira m'maboma ambiri, makamaka kumwera, nakokolola nyumba, minda ndi anthu. Dziko lili m'kati molira maliro amenewo, panamveka uthenga wina. Pa 15 Januwale galimoto la Ambuye Zuza linachita ngozi pa msewu wa M1, m'nkhalango ya Chikangawa. Anawatengera ku chipatala cha St John ku Mzuzu, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Anali ndi zaka 59. Anakhala wansembe zaka 32, ndipo kunangotsala miyezi inayi kuti akwanitse zaka 20 za uepiskopi.

Anawalira si Akatolika okha. Anawaliranso a mipingo ina, ngakhale a Sinodi ya Livingstonia, ana a mishoni ija imene inamanga pa Bandawe. M'chaka cha 2016 Papa Fransisko anasankha Bambo John Ryan, wansembe wa ku Ireland amene ankaphunzitsa masamu pa Yunivesite ya Mzuzu, kuti alowe m'malo mwao.

Chimene mbiriyi iphunzitsa

Ntchito zambiri za episkopi zimachitika mwakachetechete, ndipo sizilembedwa m'nyuzipepala. Ulendo wa ku tchalitchi chakutali, sukulu yofoleredwa denga, wansembe wofooka amene walimbikitsidwa, zonsezi amazikumbukira ndi okhawo amene anaziona. Koma pamafika tsiku limene mbusa ayenera kusankha pakati pa kukondweretsa mfumu ndi kuteteza nkhosa. Joseph Mukasa wa ku Uganda tsiku lake linamufikira m'chaka cha 1885. Aepiskopi a m'Malawi linawafikira m'chaka cha 1992. Ambuye Zuza linawafikira pa 16 Ogasiti 2011, ndipo sanachititse manyazi dzina limene ananyamula.

Mau ao aja sanali a Pulezidenti yekha. Akhudza nyakwawa pabwalo la milandu, mphunzitsi m'kalasi, mkulu wa mpingo, mwini khoka pagombe ndi bambo m'nyumba mwake. Aliyense amene ali ndi anthu pansi pake ayenera kudzifunsa ngati amalola wamng'ono kumuuza kuti walakwa. Wamng'onoyo nayenso ayenera kuphunzira kunena zoona pamaso pa mwini wake, mwaulemu ndi mosaopa.